PEPALA KAPENA MAKINA: ADZAWERENGA MAVOTI ATHU NDANI?

Nthawi iri yonse cisankho cikayandikira, kapenanso cikangopita, pamveka mau a anthu ena ophunzira akuti: Nyengo ya mapepala yatha, maiko ena aponya voti pa makina, koma ife tikali kuwerenga mapepala usiku ndi nyali. Anena kuti makina saba, satopa, saphonya masamu, ndi kuti tikawagula makangano onse a cisankho adzaleka. Mau awa ndi okoma m'khutu, ndipo anyamata ambiri awakonda. Koma ife tikana. Ndipo tifuna kuika zifukwa zathu poyera, kuti inu a kumidzi mukamva nkhaniyi pa wailesi kapena pamsonkhano mukhale nalo yankho.

UMBONI UFUNIKA KWA YANI?

Tiyambe ndi funso ili: mavoti awerengedwa kuti akhutire ndani? Wopambana safuna umboni. Iye akondwera ndi ciwerengero ciri conse cimene camuika pampando. Wofuna umboni ndiye wogonja, pamodzi ndi khamu la anthu amene anamtsata. Iwowa ayenera kubwerera kwao ndi mtima wowawa, koma ali kudziwa kuti sanaberedwe. Akapanda kudziwa ici, atola miyala, misika itsekedwa, ndi mwazi ukhetsedwa. Cifukwa cace sikukwanira kuti ciwerengero cikhale coona. Ciyeneranso kuoneka kuti ncoona, ndipo cioneke kwa munthu wamba, ngakhale kwa gogo amene sanalowe m'sukulu.

Ife a mpingo sitiyenera kudabwa ndi mau awa. Copereka ca tsiku la Sabata sitipatsa munthu mmodzi kuti akaciwerenge m'cipinda cace, angakhale ali wokhulupirika wotani. Atumiki awiri kapena atatu akhala pamodzi, nawerenga, nalemba m'buku, ndipo ciwerengero cilengezedwa pamaso pa onse. Siticita ici cifukwa tiyesa msungicuma wakuba iai, koma kuti timcinjirize iye ku miseche, ndi ife tomwe ku kukayika. Momwemonso mlimi pogulitsa cimanga kapena mtedza afuna kuona sikelo ndi maso ace. Wogula amene alowa ndi thumba kuseri kwa citseko, naturuka ndi kunena kuti lalemera mwakuti, ameneyo tonse tidziwa dzina lace.

NJIRA ZIWIRI

Taonani tsono macitidwe a pepala monga tiwadziwa kuno. M'mamawa bokosi lionetsedwa lopanda kanthu pamaso pa oimira zipani, nilitsekedwa. Munthu alandira pepala, alowa pobisika, aconga, apinda, naponya ndi dzanja lace, cala cace cipakidwanso inki kuti asabwere kaciwiri. Madzulo bokosi litsegulidwa pamalo pomwepo, pepala liri lonse likwezedwa kuti onse alione, miyulu iwerengedwa, ciwerengero cilembedwa pa cikalata ca zotsatira, oimira zipani asaina, nalandira cikalata cao. Pa zonsezi palibe cimodzi cimene mwana wa Standard 5 sangacimvetse.

Makina acita mosiyana. Munthu akanikiza batani pa dzina la amene amfuna, makina alira, ndipo votiyo isanduka ciwerengero cosaoneka m'kati mwace. Madzulo makina aturutsa nambala, ndipo onse ayenera kuilandira. Cimene ciuza makina mawerengedwe ace ndico malangizo olembedwa ndi akatswiri a kampani imene inawapanga, kawirikawiri kutsidya kwa nyanja. Malangizowo akakhala oona, makina awerenga zoona. Koma akalembedwa kuti pa mavoti makumi awiri ali onse imodzi ipite kwa wina, makina adzacita comweco mosacita manyazi, ndipo oimira zipani adzakhala pomwepo tsiku lonse maso ali gwa, osaona kanthu. Nzoona kuti makina saba. Koma amvera mbuye wao. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati: Nanga sititumiza ndalama pa foni tsiku ndi tsiku, ndipo zifika? Inde, koma taganizani bwino. Mukatumiza ndalama kwa mwana wanu, inu mulandira uthenga, iyenso alandira, ndipo zikasowa nonse awiri mudziwa, nimupita kukadandaula. Voti siri yotero, pakuti ndi yacinsinsi. Palibe munthu aloledwa kuturuka ndi umboni woonetsa amene wamsankha, cifukwa kukadakhala kotero wolemera akadagula mavoti ndi wamphamvu akadaopseza. Akulu akumbukira kuti pa riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene anthu anasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, panali mkangano waukulu pa mabokosi: Boma linafuna awiri, koma ofuna zipani zambiri anakana, poopa kuti munthu adzadziwika ndi bokosi limene wapitako, ndipo anagwirizana pa bokosi limodzi. Tsono popeza mwini voti sangailondole ikacoka m'dzanja lace, mboni imodzi yokha yotsala ndiyo pepala liri m'bokosi. Mukacotsa pepalalo mwapha mboni.

MAIKO AMENE ANAYESA

Caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Tisayese kuti okana makina ndi anthu osatsegula maso okha. Ku Germany, dziko la akatswiri a zitsulo, anthu ngati 2 miliyoni anaponya voti pa makina m'cisankho ca 2005. Anthu awiri, bambo ndi mwana wace, anapita nao mlandu ku bwalo lalikulu loona za malamulo a dzikolo. Pa 3 March 2009 oweruza anagamula kuti makina aja anasemphana ndi malamulo. Sanapeze kuti wina anaba; cifukwa cao cinali cakuti mbali zonse zazikulu za cisankho ziyenera kukhala zotheka kuti nzika iri yonse iziyese yokha, popanda nzeru zapadera za makina. Ciweruzo cimeneci ndi mau athu omwe, onenedwa ndi anthu a mikanjo.

Ku Netherlands anagwiritsa nchito makina zaka zambiri. M'caka ca 2006 gulu la nzika linapeza makina otere, nilionetsa pa wailesi ya kanema kuti malangizo ace atha kusinthidwa m'kanthawi kocepa. Anawaphunzitsanso kusewera masewero a chess, kuti anthu aone kuti cinthuco cicita ciri conse cimene cauzidwa. Pofika 2008 Boma linabwerera ku pepala ndi pensulo yofiira. Ku Ireland anataya ndalama zoposa ma euro 50 miliyoni pa makina amene anangoyesedwa m'madera ocepa m'caka ca 2002. Pambuyo pace anakhala m'nyumba zosungiramo katundu, Boma liri kulipira lendi, mpaka m'caka ca 2012 anagulitsidwa ngati zitsulo zakutha pa mtengo wa ma euro ngati 70,000.

Ndipo pafupi ndi ife, dziko la Namibia linayamba m'Africa muno kuponya voti pa makina m'cisankho ca dziko lonse, m'caka ca 2014, ndi makina ocokera ku India. Citatha cisankho ca 2019, Panduleni Itula, amene anagonja, anadandaula ku bwalo lalikulu. Ndipo m'February 2020 oweruza ananena kuti kunali kulakwa kugwiritsa nchito makina opanda pepala lotsimikizira. Sanafafanize cisankhoco, koma dziko linabwerera ku mapepala. Kodi ife tidzagula ndi misonkho ya amphawi cimene anzathu anagula, nayesa, nataya?

NANGA TIPPEX?

Tsono tifike pa mau olimba koposa a otsutsana nafe, ndipo sitidzawazemba. Iwo ati: Mutama pepala, koma mwaiwala 2019? Kodi si pa mapepala pamene panapakidwa Tippex? Indetu, sitinaiwale. Cisankho ca pa 21 May 2019 cinacitika ndi mapepala, ndipo zikalata zambiri za zotsatira zinafika zofufutidwa ndi utoto woyera uja, zina zosasainidwa, zina zosakhala zenizeni. Miyezi yambiri dziko linagwedezeka ndi zionetsero.

Koma funsani funso lina: zinadziwika bwanji? Zinadziwika cifukwa utoto uoneka ndi maso. Oimira zipani anali ndi zikalata zao. Maloya anazisonkhanitsa, nazitengera ku bwalo. Oweruza asanu anazigwira ndi manja, naziyerekeza cimodzi ndi cinzace. Ndipo anthu m'midzi anamva mboni zikufunsidwa pa wailesi. Pa 3 February 2020 bwalo linafafaniza cisankho ca mtsogoleri wa dziko, nilinenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Bwalo la Supreme linabvomereza ciweruzoco m'May, ndipo pa 23 June 2020 anthu anaponyanso voti. Dziko lathu linakhala laciwiri m'Africa, pambuyo pa Kenya, kumene bwalo linacita cotere.

Tsono taganizani kuti manambala omwewo akadasinthidwa m'mimba mwa makina opanda pepala. Maloya akadanyamula ciani kupita naco ku bwalo? Akadaitana katswiri mmodzi kunena kuti makina anasinthidwa, enawo akadaitana wao kunena kuti sanasinthidwe, ndipo oweruza pamodzi ndi ife tonse tikadakhala ngati akhungu akukangana za maonekedwe a mwezi. Cotero mlandu wa Tippex suli umboni wotsutsa pepala. Uli umboni wace woposa wonse. Wakuba pa pepala asiya mapazi monga fisi pa dothi lonyowa. Wakuba pa makina ayenda pathanthwe.

Onaninso kucuruka kwa manja. Kuti munthu abe cisankho ca mapepala ayenera kunyenga anthu mazana m'malo mazana, ndipo mwa anthu ambiri otere sipalephera kupezeka wina wa cikumbu mtima, kapena wa pakamwa posasunga. Koma kuti abe ca makina afuna anthu owerengeka okha, okhala m'cipinda cimodzi. Nzeru ya makolo inali yakuti mlandu uweruzidwe pabwalo, pansi pa mtengo, anthu onse ali kumva. Mlandu wa m'nyumba usiku anauyesa ciwembu.

INDIA NDI BRAZIL

Atiuzanso za India ndi Brazil, ndipo tibvomera kuti maiko awa ndi akulu, ndi kuti makina awatumikira zaka zambiri. India ali ndi oponya voti oposa 900 miliyoni, ndipo agwiritsa nchito makina m'dziko lonse kuyambira 2004. Ife olembedwa m'kaundula wa 2025 tinali 7 miliyoni ndi pang'ono. Katundu wa njobvu asatisenzetse ife. Koma cacikulu ndi ici: m'caka ca 2013 bwalo lalikulu la India linanena kuti pepala lotsimikizira lifunika kuti anthu akhulupirire cisankho. Cotero anaonjeza kabokosi kamene kasindikiza kapepala. Woponya voti akaona pagalasi masekondi asanu ndi awiri, ndipo kagwera m'bokosi lotseka. Taonani, atayenda ulendo wonse wa makina, anafikanso pa pepala.

Ku Brazil anayamba makina m'caka ca 1996, ndipo pofika 2000 anafalikira dziko lonse. Palibe anatsimikiza kuti makinawo anaba. Komabe pamene Jair Bolsonaro, amene anakhala nthawi yaitali akunyoza makinawo, anagonja m'caka ca 2022, otsatira ace ambiri anakhulupirira kuti aberedwa, ndipo pa 8 January 2023 anathyola nyumba ya malamulo, ya bwalo lalikulu, ndi ya mtsogoleri mu mzinda wa Brasília. Panalibe miyulu ya mapepala yoti munthu aikhuthule pathebulo ndi kunena: Bwerani, tiwerenge pamodzi. Koma ku Georgia, cigawo ca United States, pamene kunabuka mau otere m'caka ca 2020, anawerenganso ndi manja mapepala ngati 5 miliyoni, napeza kuti wopambana ndi yemweyo. Sitinena kuti onse anakhutira, pakuti wofuna kukana akana ngakhale dzuwa liri pamutu. Koma munthu woona mtima anapeza poimira. Makina angakhale oona, sakhoza kudziyeretsa okha akanamiziridwa, pepala likhoza.

MALO OYENERA MAKINA

Asatiyese adani a nzeru zatsopano. Makina ali ndi nchito yabwino: kulemba maina m'kaundula, kuzindikira munthu kuti asalembetse kawiri, ndi kutumiza msanga cithunzi ca cikalata ca zotsatira. Koma akhale wamthenga, asakhale mfumu. Ku Kenya m'caka ca 2017 anthu anaponya voti pa mapepala, koma zotsatira zinayenda pa makina. Ndipo pamene bwalo linalamula kuti makompyuta a bungwe la cisankho atsegulidwe, lamulolo silinatsatidwe mokwanira. Pa 1 September oweruza, motsogozedwa ndi David Maraga, anafafaniza cisankhoco. Ataphunzira, m'caka ca 2022 anaika zithunzi za zikalata za malo onse pa intaneti, kuti ali yense aphatikize yekha.

Kuno kwathu, cisankho ca pa 16 September 2025 cisanafike, panali kukayikirana kwakukulu pa makina a kampani ya Smartmatic amene bungwe la MEC linagwiritsa nchito polemba maina. Koma voti yeniyeni inali ya pepala, yowerengedwa pamalo poponyera. Bungwelo linatenga masiku asanu ndi atatu amene lamulo lilola, ndipo pa 24 September a Lazarus Chakwera anabvomera kugonja, a Peter Mutharika nalengezedwa opambana. Anthu ena anadandaula ndi kucedwa. Koma kuthamanga sikufika. Nkwabwino kudikira sabata limodzi ndi kulandira zotsatira zimene wogonja azibvomera, kusiyana ndi kuzimva usiku womwewo ndi kukangana caka cathunthu.

Za mtengo wace tinene mwacidule. Mapepala adya ndalama, nzoona. Koma makina afuna kugulidwa, kusungidwa pouma zaka zisanu, kukonzedwa, kupatsidwa mabatire, ndipo akakalamba agulidwanso ndi ndalama zakunja zimene tizisowa ngakhale pogula mankhwala ndi mafuta. Akafa pa tsiku la cisankho kusukulu ya kumudzi, wowakonza ali kutauni. Pepala silifuna magetsi. Ku Gambia aponya voti ndi timiyala ta galasi m'zigubu zacitsulo, ndipo ndi njira yomweyo anacotsa Yahya Jammeh m'caka ca 2016, atalamula zaka 22. Ulemu wa dziko suli m'kunyezimira kwa zipangizo zace.

UDINDO WATHU

Koma abale, tingakhale onyenga tikakuuzani kuti pepala lidzisunga lokha. Pepala lipsya, linyowa, libedwa. M'caka ca 2014 moto unatentha nyumba yosungiramo mabokosi a cisankho ku Lilongwe, pamene mavoti a dera lina anali kuyembekeza kuwerengedwanso. Mphamvu ya pepala iri m'maso a anthu oliyang'anira. Popanda masowo liri ngati nkhokwe yopanda mwini. Ku Congo m'caka ca 2018 mabishopu a Katolika anatumiza oyang'anira ngati 40,000, ndipo cifukwa ca ziwerengero zimene iwowa anasonkhanitsa m'malo oponyera, anakhoza kunena poyera kuti zolengezedwa sizinafanane ndi zimene anaona. Mpingo wosayang'anira ulibe conena.

Cifukwa cace tikupemphani zinthu izi. Coyamba, phungu wanu akadza kumudzi, mfunseni maganizo ace pa nkhaniyi, ndipo mumuuze kuti lamulo liri lonse losintha maponyedwe a voti lisacotse pepala limene munthu aconga ndi dzanja lace, ndi kuwerenga pamalo pomwepo pamaso pa onse. Caciwiri, inu odziwa kulemba ndi kuwerenga, mukapemphedwa kukhala oimira cipani kapena oyang'anira a mpingo, musakane. Ndipo mukapita musacoke dzuwa likalowa cifukwa ca njala kapena tulo. Khalani kufikira pepala lotsiriza. Musasaine cikalata copanda manambala, kapena cofufutidwa popanda kufotokoza. Tengani canu, nimucisunge monga musunga kalata ya ubatizo.

Cacitatu ciri kwa ife aphunzitsi, pakuti ndife amene kawirikawiri tipatsidwa kuyendetsa malo oponyera voti, ndipo manambala alembedwa ndi manja athu. Dzanja limene liphunzitsa ana kuphatikiza m'mawa lisalembe bodza usiku. Tikaphonya, tikonze poyera, onse ali kuona ndi kusaina. Wina akadza ndi envulopu, tikumbuke kuti kusintha nambala imodzi ndiko kuba ndi kucita umboni wonama pamodzi, ndipo oberedwa ndi makolo a ana omwe tiwaphunzitsa.

Pomariza tinena ici. Okonda makina afuna kuticotsera bvuto la kusakhulupirika kwa anthu mwa kuika cikhulupiriro cathu conse pa anthu owerengeka amene sitiwadziwa. Ife titi: popeza mtima wa munthu uli wonyenga, nchito iyi icitike poyera, ndi manja ambiri, pamaso ambiri. Voti iri ya mlimi, ya mai wa pamtondo, ya msodzi wa kunyanja. Asailande kwa iwo ndi kuipereka kwa akatswiri. Tisunge pepala, tiliyang'anire, ndipo tipemphere kuti Mulungu apatse dziko lathu anthu oopa Iye pa matebulo owerengera.